Njinga zamoto zazing'ono zoyenda pa phula ndi pafumbi: mafunso ndi mayankho kwa ophunzira kukwera

Munthu akaganiza zophunzira njinga yamoto, mafunso ake ambiri amachokera pa mantha awiri. Oyamba ndi mantha a kugwa. Achiwiri, omwe ambiri sawatchula pakamwa, ndi oti anzake amuseka akamuona pa kanjinga kakang'ono. Mantha oyambawo ndi abwino, amasunga moyo. Achiwiriwo ndi amene amachititsa anthu kugula njinga zowaposa msinkhu. Mayankho otsatirawa akukamba za njinga zazing'ono zamtundu wa trail, zazitali miyendo zija, chifukwa ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti wophunzira ayenera kuyambira pamenepo.

Kodi njinga ya trail ndi yotani kwenikweni?

Ndi njinga yopangidwa kuti iziyenda pa msewu wa phula, kenako n'kupatuka kulowa kanjira ka miyala, mchenga kapena matope popanda kusintha kalikonse. Mukaiyang'ana mudzaona kuti injini yake ili patali ndi nthaka, kuti isamagunde miyala ndi zitsa. Tayala lakutsogolo ndi lalikulu, nthawi zambiri la mainchesi 21 kapena 19, ndipo tayala lalikulu limakwera dzenje kapena muzu mosavuta kusiyana ndi laling'ono. Malimu ake ndi a masipoko, omwe amapindikako pang'ono akagunda chinthu m'malo mosweka. Mashoko ndi aatali, madigadi yakutsogolo ili m'mwamba kuti matope asatsekeremo, mahandulo ndi otambasuka, ndipo wokwera amakhala mowongoka, osati chowerama.

Musaisokoneze ndi njinga za mpikisano wa motocross. Zimaoneka ngati zapachibale, koma za mpikisanozo zilibe magetsi, magalasi ngakhale poika nambala, injini zake ndi zaukali, ndipo zimafuna makaniko pakangotha maola ochepa zikugwira ntchito. Ya trail ili ndi zonse zofunika pamsewu ndipo injini yake ndi yofatsa.

Mtundu umenewu unatchuka kwambiri kuyambira mu 1968, pomwe Yamaha inatulutsa DT-1 ya 250cc. Mu 1972 Honda inabwera ndi XL250. Kuchokera apo makampani onse akuluakulu a ku Japan akhala akupanga zawo. Ena amazitcha dual sport.

Mukamati yaing'ono mukutanthauza kukula kotani?

Injini ya 125cc mpaka 250cc, kapena kupitirirako pang'ono. Nambala ya cc imanena za kukula kwa malo omwe pisitoni imayendamo, ndipo nthawi zambiri ikakula mphamvu nayo imakula.

Pa gulu la 125cc mpaka 150cc pali Yamaha XTZ125, Honda XR125L ndi XR150L, komanso Kawasaki KLX150. Pakatikati pali Suzuki DR200 ya 199cc ndi Yamaha TW200 ya 196cc, yodziwika ndi matayala ake onenepa, yomwe yakhala ikupangidwa kuyambira 1987 osasintha kwenikweni. Chakumtunda kuli Yamaha XT250, Kawasaki KLX230 ndi Honda CRF250L ya 2012, yomwe mu 2021 inalowedwa m'malo ndi CRF300L ya 286cc. Palinso njinga za alimi monga Yamaha AG200 ndi Suzuki TF125, zomwe zinapangidwira ntchito za pa mafamu a ziweto. Sizithamanga, koma ndi zolimba zedi, ndipo giya yoyamba imayenda pang'onopang'ono moti munthu woyenda pansi akhoza kuyendera limodzi nanu. Kwa wophunzira chimenecho ndi chuma.

Ndili ndi ndalama zogulira yaikulu. N'chifukwa chiyani ndiyambe ndi yaing'ono?

Funso limeneli ndi limene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa apa ndi pamene anthu amalakwitsa kenako n'kulipira ndi mafupa.

Choyamba ndi kulemera. Njinga ya trail ya 125cc kapena 150cc imalemera makilogalamu pafupifupi 110 mpaka 130. Njinga zikuluzikulu za maulendo, monga BMW R 1250 GS, zimapitirira makilogalamu 240. Njinga ikamathamanga kulemerako sikumveka. Kumamveka poima, potembenuka pamalo opanikiza, poikankha chobwerera, ndi pamene phazi laponda kamwala n'kuterereka. Pamenepo ndi pomwe wophunzira amakhala nthawi yake yambiri. Njinga yopepuka ikapendekeka mumaibweza ndi mwendo. Yolemera ikangodutsa malire ake imapita nanu pansi, ndipo mwina mwendo wanu uli kunsi kwake.

Chachiwiri ndi dzanja lamanja. Wophunzira aliyense, ngakhale wosamala chotani, tsiku lina adzapotokola ekiseleta mosafuna. Zimachitika chonchi: njinga yadumpha bampu kapena yanyamuka modzidzimutsa, thupi lakankhidwira kumbuyo, manja agwiritsitsa mahandulo, ndipo pogwiritsitsapo dzanja lawonjezera moto. Pa njinga ya mphamvu ya mahatchi 11 kapena 12 injini imangolira, njinga n'kuwonjezera liwiro pang'ono, inu n'kupeza mpata wogwira klachi. Pa njinga ya mahatchi 70 kapena 100, mphindi yomweyo mwafika kale pakhoma. Kulakwitsa ndi komweko, koma chilango chake n'chosiyana kutalitali.

Chachitatu chimaiwalika kawirikawiri. Njinga yaing'ono imakukakamizani kuphunzira. Ilibe mphamvu yobisa ulesi wanu. Mukalowa chitunda ndi giya yolakwika imakuuzani pompo. Mukafuna kupitirira galimoto muyenera kuwerengera mtunda bwinobwino. Mumaphunzira kumva injini ndi khutu, kusintha magiya pa nthawi yake, ndi kusunga liwiro pokhota. Munthu amene waphunzira zimenezi pa 125cc amadzakwera yaikulu ali wokonzeka. Amene wayambira pa yaikulu nthawi zambiri amakhala zaka akuiopa njinga yake, ndipo munthu wamantha saphunzira, amangopirira.

Pomaliza, njinga yoyamba imagwa. Ya trail inapangidwa ndi maganizo amenewo: mapulasitiki ake amapindika, ndipo chimene chimathyoka kawirikawiri ndi chogwirira klachi kapena galasi, zinthu zosavuta kusintha.

Nanga malamulo amati chiyani za kukula kwa njinga ya wophunzira?

Zimasiyana dziko ndi dziko, choncho fufuzani ku ofesi yopereka malaisensi komwe mukukhala musanagule. Koma maiko ambiri anagwirizana pa mfundo imodzi, yoti munthu aziyamba ndi yaing'ono. Ku Ulaya laisensi ya A1 imalola njinga yosapitirira 125cc ndi mphamvu ya 11 kW (mahatchi pafupifupi 15), pomwe ya A2 imafika 35 kW (mahatchi pafupifupi 47). Ku UK wophunzira wa zaka 17 amayamba wachita maphunziro otchedwa CBT, kenako amaloledwa kukwera ya 125cc ataika chikwangwani cha L, osanyamula munthu, ndipo chiphasocho chimatha pakapita zaka ziwiri. Ku South Africa laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc. Ku Australia kuli mndandanda wa njinga zololedwa kwa ophunzira wotchedwa LAMS, womwe umayang'ana mphamvu ya njinga poyerekeza ndi kulemera kwake.

Onetsetsaninso kuti njingayo ndi yololedwa pamsewu. Pali zina zooneka ngati za trail, monga Honda CRF125F, zomwe zinapangidwira kutchire kokha ndipo sizibwera ndi zofunika zapamsewu.

Ndine wamfupi, mapazi safika pansi. Ndisiye?

Ayi, musasiye. Koma nkhawa yanuyo ndi yoona, ndipo kutalika ndiye vuto lenileni la njinga zamtunduwu. Chishalo cha CRF300L chili pa mamilimita pafupifupi 880 kuchokera pansi, pomwe cha TW200 chili pa 790. Kusiyana kwa masentimita 9 kumeneko ndi kwakukulu kwa munthu amene akuphunzira kuima pa mphambano.

Musangodalira manambala. Kakhalenipo. Mashoko a njinga ya trail ndi ofewa, amatsika mukakhala, ndipo chishalo chake ndi chopyapyala moti miyendo imatsika mowongoka. Njinga yooneka yaitali papepala ikhoza kukukwanani. Simufunikanso mapazi onse awiri. Okwera ambiri amasuntha thako pang'ono kumanzere, n'kuponda pansi ndi phazi lamanzere lonse, lamanja lili pa buleki. Chizolowezi chimenechi ndi chabwino ngakhale kwa aatali. Mukaona kuti ngakhale phazi limodzi silikufika bwino, funani njinga ina kapena funsani makaniko za kutsitsa chishalo. Kuphunzira mukuyimira zala zokha kumabweretsa mantha osafunika.

Two-stroke kapena four-stroke?

Imeneyi ndi mitundu iwiri ya injini. Kwa wophunzira, four-stroke. Mphamvu yake imabwera mofatsa kuyambira pansi, imamwa petulo pang'ono, ndipo mukasiya ekiseleta injini imathandiza kuchepetsa liwiro, zomwe zimathandiza kwambiri pamtsetse.

Za two-stroke, monga Yamaha DT125 ndi Suzuki TS125, ndi zopepuka, zosavuta kumasula, ndipo zili ndi anthu ozikonda kwambiri. Koma mphamvu yake imakonda kubwera mwadzidzidzi injini ikafika pamwamba, zimafuka utsi, ndipo zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo. Kathanki ka oyilo wa two-stroke kakauma inu osadziwa, pisitoni imagwirana ndi silinda. Malamulo oletsa utsi anachititsa kuti zatsopano zizisowa m'maiko ambiri, choncho zomwe mungapeze zambiri ndi zakale.

Ndigule yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito?

Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino ngati yasamalidwa, ndipo mtima supweteka kwambiri ikakalika. Koma njinga ya trail imakhala moyo wovuta kuposa yamumsewu, choncho iyang'aneni mosafulumira.

Pemphani kuti mukaipeze injini ili yozizira, ndipo ikhudzeni nokha kuti mutsimikize. Injini yotopa imabisa matenda ake ikatentha. Ilize pamaso panu. Utsi wobiriwira ngati mtambo pa four-stroke ukutanthauza kuti ikuwotcha oyilo. Kenako tsegulani bokosi la sefa ya mpweya. Kwa ine pamenepa ndi pomwe pamaoneka khalidwe la mwini njinga. Mukapeza sefa yong'ambika, youma, kapena fumbi kuseri kwake, dziwani kuti injiniyo yakhala ikudya dothi.

Yang'anani mano a siproketi: akasongoka kapena kupindikira mbali imodzi, atha pamodzi ndi tcheni. Gogodani masipoko ndi sipanala. Olimba amalira mokweza, olefuka amalira mogonthera. Yang'anani ngati mashoko akutsogolo akudontha oyilo. Tukulani tayala lakutsogolo n'kutembenuza mahandulo uku ndi uku. Akamakodwa pakati, mabering'i atha. Onani kunsi kwa injini ndi felemu ngati pali ming'alu kapena powotcherera. Pamatayala pamakhala manambala anayi onena sabata ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lakale limauma ngakhale mano ake akadalipo.

Nambala ya felemu ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa m'mapepala. Zikasiyana, chokanipo, ngakhale njingayo ikongole bwanji. Ndipo musanasankhe mtundu, funsani amakaniko ngati zipangizo zake zimapezeka mosavuta komwe muli.

Ndivale chiyani?

Chisoti choyamba, ulendo uliwonse, ngakhale waufupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kale kuti helimeti yovalidwa bwino imachepetsa ngozi ya imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndi kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Mawu oti yovalidwa bwino ndi ofunika: chisoti chosamanga lamba chimavuka mutu usanafike pansi. Funani chokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.05, ECE 22.06 kapena DOT, chosonyeza kuti chinayesedwa kulimba kwake, chotchinga ndi chibwano chomwe, ndipo chikugwireni masaya. Chikamenyedwa pangozi chisintheni, chifukwa thovu lolimba lamkati limaphwanyika kamodzi kokha ndipo silibwerera, ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. Pa chifukwa chomwecho musagule chisoti chomwe simukudziwa mbiri yake.

Chachiwiri ndi nsapato zazitali zolimba zotchinga akakolo. Pa njira zafumbi mapazi ndi miyendo ndi zomwe zimavulala kawirikawiri, pogunda chitsa kapena popanikizidwa ndi njinga. Kenako magolovesi, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja asanaganize. Jekete ndi thalauza zolimba, ndi zotchinga maondo ndi zigongono. Ndikudziwa kuti kukatentha zonsezi zimalemera, koma khungu lopalika pa phula limatenga miyezi kuti lipole.

Tsiku loyamba ndiyambire pati?

Ngati kuli sukulu yophunzitsa njinga, pitani. Mnzanu wodziwa kukwera sikuti amadziwanso kuphunzitsa, ndipo akhoza kukupatsirani zizolowezi zake zoipa.

Pezani bwalo lathyathyathya lopanda magalimoto. Injini isanalire, dziwani malo a chilichonse: klachi kudzanja lamanzere, buleki yakutsogolo ndi ekiseleta kudzanja lamanja, magiya kuphazi lamanzere, buleki yakumbuyo kuphazi lamanja. Njinga zambiri giya yoyamba mumaponda pansi, zotsalazo mumakweza m'mwamba, neutral ili pakati pa yoyamba ndi yachiwiri. Zina zazing'ono zimatsata dongosolo lina, choncho funsani.

Phunziro lalikulu la tsiku limenelo ndi klachi. Lowetsani giya yoyamba, osapatsa moto, ndipo masulani klachi pang'onopang'ono mpaka mumve njinga ikuyamba kukoka. Igwireninso. Masulaninso. Bwerezani mpaka zala zanu zidziwe malo amenewo zokha. Kenako yendani nayo mapazi ali pansi, kenako muwakweze. Injini idzazima kambirimbiri, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chofunika kuchisunga mumtima ndi ichi: zinthu zikasokonekera, gwirani klachi. Injini ilire mmene ingalirire, klachi ikagwidwa mphamvu siifika kutayala.

Mukatha kunyamuka ndi kuima, yesani kuyenda pang'onopang'ono kwambiri, kuzungulira, ndi kulemba 8 pansi. Kuthamanga aliyense amatha. Luso limaoneka pa liwiro la munthu woyenda pansi.

Anandiuza kuti buleki yakutsogolo imagwetsa. Ndi zoona?

Bodza limeneli lavulaza anthu ambiri, ndipo ndikufuna lithe. Pa phula louma, buleki yakutsogolo ndi imene imagwira ntchito yaikulu yoimitsa njinga, chifukwa mukamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo n'kukanikizira tayala lakutsogolo pansi, lakumbuyo n'kupepukidwa. Wodalira buleki yakumbuyo yokha amangokhukhuluza tayala mpaka kukagunda chomwe amafuna kupewa.

Chimene chimagwetsa ndi kuitswinya mwadzidzidzi, makamaka mahandulo atakhota kapena pamalo oterera. Ifinyeni mofatsa poyamba kuti kulemera kusamukire kutsogolo, kenako muwonjezere mphamvu. Gwiritsani mabuleki onse awiri. Pamchenga, pamiyala yoyoyoka ndi pamatope, chepetsani dzanja kutsogolo, dalirani kwambiri yakumbuyo ndi injini, ndipo chepetsani liwiro njinga ikadali chilili, musanalowe pokhota.

Yesererani kuima mwadzidzidzi pabwalo, kuyambira pa liwiro lochepa. Kumbukirani kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo pa makilomita 60 pa ola mumadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Njinga zina zatsopano zili ndi ABS, yomwe imaletsa tayala kugwiratu. Pa phula ndi yothandiza kwambiri. Pafumbi ena amakonda kuizimitsa kumbuyo, koma zimenezo si za mwezi woyamba.

N'chifukwa chiyani okwera m'tchire amaimirira?

Chifukwa miyendo imasanduka mashoko owonjezera. Mukaimirira pa zopondera, maondo opindika pang'ono, njinga imavina kunsi kwanu thupi lili phee, ndipo mumaona patali. Gwirani njinga ndi miyendo, manja akhale omasuka, zigongono zitukuke pang'ono. Pokwera chitunda thupi lipite kutsogolo, potsika libwerere kumbuyo. Poyamba zimaoneka zoopsa, koma pakapita masiku mudzaona kuti pamabampu kukhala pansi ndiye kotopetsa.

Mchenga umandiopsa. Ndiuwoloke bwanji?

Mchenga umaopsa aliyense poyamba, chifukwa umafuna kuti muchite zosemphana ndi zomwe mtima ukukuuzani. Mahandulo akayamba kugwedezeka, mtima umati siya moto, gwira buleki. Mukatero kulemera kumapita kutsogolo, tayala limazama, ndipo mumagwa. Chepetsani liwiro musanalowe, sankhani giya yachiwiri, kenako lowani ndi moto wosadukiza. Thupi likhale chakumbuyo kuti tayala lakutsogolo lipepuke. Mahandulo asiyeni agwedezeke pang'ono, musalimbane nawo.

Ndipo maso akhale kutsogolo, komwe mukufuna kukatulukira. Njinga imapita komwe maso akuyang'ana. Mukayang'anitsitsa mwala kapena dzenje, mudzaligunda ndithu. Lamulo limeneli limagwiranso ntchito pa phula, makamaka pokhota.

Matope amafuna kufatsa: moto pang'ono, njinga chilili, osasintha kanthu mwadzidzidzi. Dothi lofiira lonyowa limaterera kuposa mmene limaonekera, ndipo likadzaza mano a tayala, tayalalo limakhala ngati losalala.

Nanga madzi?

Imani kaye, muone kuya kwake ndi zomwe zili pansi. Madzi akalowa polowera mpweya, injini imawayamwa, ndipo poti madzi safinyika, zitsulo zamkati zikhoza kupindika. Njinga ikagwera m'madzi zimitsani msanga ndipo musailize mpaka mutachotsa pulagi, kutulutsa madzi ndi kuona ngati oyilo sanasanduke woyera ngati mkaka. Madzi othamanga ofika m'maondo musawayese n'komwe. Mukawoloka, finyani mabuleki kangapo kuti aume.

Ikagwa ndiidzutse bwanji?

Zimitsani injini, pumani, dzioneni ngati simunavulale. Ilowetseni giya kuti isagubuduke. Ifulatireni, khalani chonjuta thako litatsamira chishalo, dzanja limodzi ligwire handulo yomwe ili pansi, lina ligwire chitsulo chakumbuyo, kenako kankhani ndi miyendo mukubwerera pang'onopang'ono. Msana usagwire ntchitoyo. Samalani ndi ekizozi, imawotcha. Njinga ya kabureta ikagona petulo amasefukira, choncho ikhoza kuvuta kulira kwa kanthawi.

Kusamalira kwake n'kotani?

Injini zazing'onozi ndi zopirira, koma pali zinthu zingapo zomwe sizikhululuka.

Sefa ya mpweya ndiyo yoyamba kwa aliyense woyenda pafumbi. Ngati ndi ya siponji, ichapeni, iume, muipake oyilo wake n'kufinya wotsalayo. Oyiloyo ndi amene amagwira fumbi; siponji youma imangolidutsitsa. Ngati ndi ya pepala, siichapidwa, imasinthidwa. Nyengo ya fumbi iyang'aneni pafupipafupi kuposa mmene buku likunenera.

Oyilo wa injini ndi wachiwiri. Njinga ya 125cc kapena 150cc imanyamula pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo amatumikira injini, magiya ndi klachi. Akachepa pang'ono, wachepa kwambiri. Muyezeni kawirikawiri njinga itaima chilili pamalo osapendekeka. Gulani wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA kapena MA2. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterereza omwe amachititsa klachi kuterereka. Njinga yatsopano imafuna kusintha oyilo koyamba msanga, nthawi zambiri isanapitirire makilomita 1,000.

Tcheni cha njinga ya trail chimafuna kulefuka kuposa cha njinga yamumsewu, chifukwa mashoko aatali akamatsika tcheni chimakokeka. Ambiri amachimanga kwambiri poganiza kuti akuchita bwino, kenako chimadya masiproketi ndi mabering'i. Mlingo wake walembedwa m'buku kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tchenicho. Chitsukeni ndi kuchithira mafuta mukadutsa m'matope kapena m'madzi, injini ili yozima. Musayerekeze kupukuta tcheni injini ikulira. Zala zambiri zadukira pamenepo. Posintha, sinthani tcheni ndi masiproketi onse awiri nthawi imodzi.

Mpweya wa m'matayala uyezeni matayala ali ozizira. Pamchenga ena amauchepetsako kuti tayala ligwire bwino, koma ukachepa kwambiri chubu chimapanidwa ndi limu pamwala, kapena tayala limazungulira palimu n'kuzula valavu. Mukabwerera pa phula, pompaninso. Masipoko, mabawuti ndi mavalavu a injini nazo zimafuna kuonedwa pa nthawi yake. Phunziraninso kumata chubu muli pakhomo, musanafunike kutero muli kutali.

Kodi 125cc ingayende ulendo wautali pa phula?

Ingayende, bola muvomereze liwiro lake. Zambiri zimayenda momasuka pa makilomita 70 mpaka 80 pa ola, ndipo zikafika cha m'ma 100 zimakhala zapereka zonse. Chitunda, mphepo yochokera kutsogolo kapena katundu zimachepetsanso pamenepo. Chishalo chopyapyala chija chimayamba kupweteka pakatha ola limodzi kapena awiri, choncho muzipuma. Ubwino wake ndi woti petulo imamwa pang'ono zedi.

Apa ndiyenera kunena mosabisa. Kugwa pamchenga pa liwiro lochepa kumasiya mikwingwirima. Malo omwe okwera njinga amafera kwambiri ndi pamsewu, pakati pa magalimoto, makamaka pa mphambano, pomwe woyendetsa galimoto amakhota kapena kulowa mumsewu osaiona njinga. Kuchepa kwa injini sikukutetezani kwa lole. Yatsani nyali ngakhale masana, valani zowala, musakhale pambali pa galimoto yaikulu pomwe dalaivala sakukuonani pagalasi, ndipo musadzipanikize m'mphepete mwenimweni mwa msewu, chifukwa mukatero mumaitana magalimoto kuti akupitirireni mokukhudzani. Siyani mpata wa masekondi osachepera atatu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo. Matayala a mano akuluakulu sagwira bwino phula lonyowa, choncho mvula ikagwa chepetsani liwiro kwambiri. Mowa ndi njinga siziyendera limodzi, ngakhale botolo limodzi. Misewu ikuluikulu yomwe magalimoto amathamanga kupitirira 100 ipeweni ngati pali njira ina.

Ndinganyamule munthu?

Osati mukadali wophunzira, ndipo m'maiko ambiri lamulo limaletsa. Munthu wachiwiri amapepukitsa tayala lakutsogolo, amatalikitsa mtunda woimira, ndipo akasuntha pokhota njinga imasuntha naye. Nthawi yake ikadzafika, naye avale chisoti, aponde pa zopondera zake, ndipo muwonjezere mpweya kutayala lakumbuyo monga buku likunenera.

Ndidzadziwa bwanji kuti nthawi yogula yaikulu yakwana?

Osati pamene mwayamba kuthamanga, chifukwa zimenezo zimabwera msanga, luso lisanabwere. Miyezi imene munthu wasiya kuopa koma asanadziwe zambiri ndiyo yoopsa kwambiri. Dziyeseni ndi zinthu izi: kutembenuka pamsewu wopapatiza osaponda pansi, kunyamuka pachitunda njinga osabwerera m'mbuyo, kuima mwadzidzidzi ndi mabuleki onse awiri tayala osakhukhuluzika, kuwoloka mchenga mtima uli m'malo, ndi kuyenda pakati pa magalimoto mukuona zomwe zichitike zisanachitike. Ndi bwino mutadutsa nayo nyengo ya mvula ndi ya fumbi yomwe, chifukwa iliyonse ili ndi phunziro lake.

Mukafika pamenepo dzifunseni chimene njinga yanu ikulephera kuchita. Ngati ndi maulendo aatali pa phula, muli awiri ndi katundu, kukwera kufika pa 250cc kapena 300cc n'komveka, ndipo kudumpha kuchoka pa 125cc kupita pa 300cc n'kwanzeru kuposa kulumphira pa 700cc. Ngati maulendo anu ambiri ndi a njira zafumbi ndi mitunda yaifupi, yaikulu idzangokuwonjezerani kulemera, petulo ndi mtengo wa matayala, ndipo yomwe muli nayoyo ikhoza kukutumikirani zaka zambiri mukamasintha oyilo ndi kuchapa sefa.